Kodi mawu akuti "udzazolowera" ndi oona mpaka pati?

Chidwi77
Moni nonse. Munthu akayamba ntchito ya usiku amamuuza kuti udzazolowera. Akasamukira kumalo otentha, udzazolowera. Akayamba kugwira pamakina aphokoso, udzazolowera. Ngakhale ntchito ikamuthera mawu ake ndi omwewo. Kodi thupi ndi maganizo a munthu zimazoloweradi chilichonse, kapena pena timangotonthozana? Inu odziwa za thupi tandiuzeni chomwe chimasintha m'katimu, nthawi yomwe chimatenga, ndi pomwe mawu amenewa amanama.

Tsabola
Munthu amazolowera zonse kupatula njala ndi ngongole.

Dzuwa_Lawala
Tiyambe ndi kutentha, chifukwa apa mawuwa ndi oona ndipo zimayezeka. Munthu amene wayamba ntchito yolemetsa pamalo otentha amafunika masiku 7 mpaka 14 kuti thupi lisinthe. Choyamba ndi magazi. M'masiku oyambirira impso zimasunga mchere ndi madzi, ndiye gawo lamadzi la magazi limachuluka ndi pafupifupi 10 peresenti. Magazi akachuluka chonchi, mtima sufunikanso kuthamanga kwambiri kuti upereke ena ku minofu ndi ena ku khungu kukaziziritsa thupi. Thukuta limatsatira pambuyo: limayamba kutuluka msanga, limachuluka, koma mchere wake umachepa.

Ngozi ili m'masiku oyambawo, ndipo ambiri amene amafa ndi kutentha pantchito amafa m'sabata yawo yoyamba. N'chifukwa chake bungwe la NIOSH, loona za umoyo ndi chitetezo cha anthu pantchito ku America, limalangiza kuti wantchito watsopano agwire 20 peresenti yokha ya nthawi yake pamalo otenthawo tsiku loyamba, kenako aziwonjezera osapitirira 20 peresenti patsiku. Wozolowera kale amene anachokapo akabwerera ayambe ndi 50, mawa lake 60, mkuja 80, tsiku lachinayi ndiye yonse. Kungokhala pamthunzi sikukwanira, pamafunika ola limodzi kapena awiri patsiku akugwira ntchito kotenthako. Akachokako sabata ziwiri kapena zitatu, zambiri zomwe thupi linasintha zimabwerera mwakale.

Cholakwa chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuganiza kuti wozolowera safuna madzi ambiri. Iyeyo ndi amene amafuna ochuluka, poti thukuta lake lawonjezeka. Ndipo wina akayamba kuyankhula zosokonekera kapena kudzandira, m'thireni madzi ozizira thupi lonse pomwepo, galimoto yopita kuchipatala ikupezeni mukumuziziritsa kale.

Kadzidzi
A Dzuwa anena bwino. Koma za usiku n'zina. Muubongo, pamwamba pang'ono pa malo omwe mitsempha ya maso awiri imapingasana, muli kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 komwe ndi wotchi yaikulu ya thupi. Wotchiyi ikasiyidwa payokha imazungulira maola 24 ndi mphindi zochepa, ndipo chomwe chimaikonza tsiku lililonse ndi kuwala kolowa m'maso. Ndiyo imalamula nthawi yomwe homoni ya melatonin, yomwe imakonzekeretsa thupi kugona, ituluke, nthawi yomwe thupi lizizire kwambiri (cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'mawa kwa anthu ambiri), ndi mmene thupi lilandirire shuga. Chakudya chomwecho chikadyedwa 2 koloko usiku chimakweza shuga m'magazi kuposa chikadyedwa masana.

Wotchiyi imasuntha pang'onopang'ono, ola limodzi kapena ola ndi theka patsiku. Munthu wouluka pandege kupita kudziko losiyana maola 7 amazolowera pakatha pafupifupi sabata, chifukwa dzuwa la kumeneko likumuthandiza. Wa ntchito ya usiku dzuwa likulimbana naye. Akaweruka 6 koloko m'mawa, kuwala kwa panjira kumauza wotchi kuti kwacha. Pa masiku opuma amabwerera kugona usiku kuti akhale ndi banja lake, ndiye pang'ono pomwe inasunthira pamafufutika. Katswiri wina, Simon Folkard, mu 2008 anasonkhanitsa zomwe anthu ofufuza anayeza pa melatonin ya ogwira usiku nthawi zonse, ndipo anapeza kuti osakwana 3 pa 100 alionse ndi amene wotchi yawo inatembenukiratu.

Nyalugwe
Ndiye alonda ndi anamwino amene agwira usiku zaka 20 n'kumati alibe vuto akunama?

Kadzidzi
Sakunama achimwene, akunena zomwe akumva. Vuto ndi lakuti zomwe munthu akumva ndi zomwe ubongo wake ukukwanitsa zimasiyana njira. Mu 2003 ku University of Pennsylvania anagawa anthu m'magulu: ena maola 8 ogona, ena 6, ena 4, kwa masiku 14 otsatizana, n'kumawayeza kangapo patsiku kuti akutchera khutu bwanji ndipo akuyankha mwachangu bwanji. A maola 6 ndi a maola 4 ankaipiraipira tsiku ndi tsiku, mpaka anafanana ndi munthu amene sanagone usiku wonse, ena mausiku awiri. Koma akawafunsa kuti tulo mukutimva bwanji, ankati tawonjezekera pang'ono masiku oyamba, kenako basi pomwepo. Iwo ankaona ngati azolowera. Zili ngati kuchotsa batire mu alamu ya moto: kulira kwatha, motowo ukuyakabe.

Onjezani apa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amayendetsa galimoto ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Ndipo IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, mu 2019 inasiya ntchito ya usiku m'gulu 2A, kutanthauza zinthu zomwe zikuoneka kuti zingayambitse khansa ngakhale umboni wa pa anthu sunakwanire kutsimikiziratu.

MayiWaWodi
Musawaopseze ana a anthu, a Kadzidzi. Zipatala, mafakitale ndi mabwalo a ndege sizitseka usiku, wina ayenera kugwira. Chothandiza ndi kudziwa zochita.

Ngati mashifiti amasinthana, aziyenda chakutsogolo: m'mawa, kenako masana, kenako usiku. Thupi limapirira bwino tsiku lotalikitsidwa kuposa lofupikitsidwa. Mausiku otsatizana asachuluke, awiri kapena atatu n'kupuma, ndipo pakati pa shifiti ndi inzake papite maola osachepera 11. Musanapite usiku woyamba gonani masana kwa ola ndi theka. Kuntchito magetsi awale kwambiri theka loyamba la usiku. Khofi mumwe koyambirira, chifukwa theka la kafeini limakhala lidakali m'magazi pakatha maola pafupifupi 5, ndiye kapu ya 4 koloko m'mawa idzakuberani tulo ta 9 koloko. Chakudya chenicheni mudye musananyamuke, pakati pa usiku mungodya zopepuka. Mukapeza mpata wopuma, tulo ta mphindi 20 timathandiza. Mukapitirira mphindi 30 kapena 40 mumalowa tulo tofa nato n'kudzuka mutu uli zii, zomwe n'zoopsa kwa munthu wopereka mankhwala kapena woyendetsa makina.

Pobwerera valani magalasi akuda ngati si inu mukuyendetsa. Kuchipinda kukhale mdima weniweni, kozizira, foni yozimitsa. Mowa ngati mankhwala a tulo ayi: umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati.

Khutu_Kumva
Phokoso ndiye bodza lalikulu pa zonse mwatchulazo, a Chidwi. Munthu akati makinawa sandisokosanso, nthawi zambiri n'kuti khutu layamba kufa. M'kati mwa khutu muli maselo a titsitsi pafupifupi 16,000 omwe amasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita kuubongo. Akafa samera ena. Malire odziwika ndi madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo mukawonjezera madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 100 ndi mphindi 15 zokha. Njira yosavuta yodziwira: ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene waima pa mita imodzi akumveni, mwafika kale pamalirepo.

Kugonthaku kumayambira pa mawu oonda, cha pa 4,000 Hz, ndiye munthu amamva kuti wina akuyankhula koma s, f ndi t zimamuthawa, makamaka pagulu. Zotsekera m'makutu za thonje lapulasitiki zija ambiri amaziika molakwika. Mukapotokole ndi zala mpaka kaonde, mukoke khutu m'mwamba ndi chakumbuyo ndi dzanja la mbali inayo, mukalowetse, n'kukagwira masekondi 20 kapena 30 mpaka katupe m'katimo. Kakangolendewera panja palibe chomwe kakuchita.

Tsabola
Ndiye amalume aja amati "bwerezanso" nthawi zonse tisamawanene kuti ndi matama.

Bwande
Ine ndikuona kuti mukuiwala nkhani yaikulu. Anthu akusintha mtundu wonse. Ana amasiku ano akubadwa ndi maso ofooka chifukwa makolo awo anaononga maso pa foni. Zalowa m'magazi.

Mlozo
Ayi a Bwande, apa mwasakaniza zinthu ziwiri. Zomwe munthu wachita ndi maso ake sizilembedwa m'majini a mwana wake, tizinthu ta m'maselo tomwe munthu amatengera kwa makolo. Kusintha kwa majini a mtundu wa anthu kumatenga mibadwo yambirimbiri, ndipo kumachitika pamene ena akupulumuka ndi kubereka kuposa anzawo.

Tengani za mapiri. Munthu wa kunsi akakwera kupitirira mamita 2,500 amayamba kupuma mofulumira, impso zimatulutsa homoni ya EPO, yolamula thupi kupanga maselo ofiira a magazi, m'maola ochepa, ndipo maselo ofiira amachuluka pakapita masabata. Uku ndi kuzolowera kwa munthu mmodzi, ndipo akatsika kumatha. N'chifukwa chake okwera mapiri akadutsa mamita 3,000 sakweza malo ogona kuposa mamita 500 patsiku, ndipo amapuma tsiku limodzi pa masiku atatu kapena anayi alionse. Koma anthu a ku Tibet, amene akhala pamwamba zaka masauzande, ali ndi mtundu wina wa jini ya EPAS1 womwe umaletsa magazi awo kukhuthala. Zinadziwika mu 2010, ndipo mu 2014 zinapezeka kuti mtundu umenewo unachokera kwa anthu akalekale otchedwa Denisovan. A ku mapiri a Andes ku South America thupi lawo linatsata njira ina, ya magazi ofiira ochuluka, ndipo ena mwa iwo akamakula amadwala chifukwa magaziwo akhuthala mopitirira.

Tsabola
Walira mvula walira matope.

Mlozo
Za maso tsopano. Kusaona patali kwachulukadi, koma m'mibadwo iwiri yokha, nthawi yochepa kwambiri kuti majini asinthe. Ku Seoul, ku South Korea, atayeza anyamata a zaka 19 anapeza 96.5 peresenti ali ndi vutoli, pomwe azigogo awo ambiri analibe. Chomwe chikuchitika ndi kakulidwe ka diso paubwana. Diso la wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 24. Likatalika ndi milimita imodzi yokha kuposa pomwe liyenera, chithunzi chimagwera kutsogolo kwa malo ake ndipo munthuyo amafuna magalasi amphamvu ya pafupifupi -2.5 kapena -3. Likatalika silibwereranso.

Chomwe chimaletsa diso kutalika mopitirira ndi kuwala kwa panja. M'kalasi kuwala kumakhala ma lux (muyeso wa kuwala) 300 mpaka 500, panja ngakhale pamthunzi kumafika masauzande. Ku Guangzhou, ku China, anawonjezera mphindi 40 za panja tsiku lililonse la sukulu kwa ana a zaka 6 ndi 7, ndipo patatha zaka zitatu amene anayamba vutoli anali pafupifupi 30 pa 100, poyerekeza ndi pafupifupi 40 pa 100 m'masukulu omwe sanasinthe. Taiwan kuyambira 2010 inalimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku, ndipo chiwerengero chomwe chinkangokwera chinayamba kutsika. Dziwaninso kuti mliriwu unayamba mafoni asanabwere, nthawi yomwe sukulu ndi homuweki zinatsekera ana m'nyumba.

Bwande
Koma magalasiwo ndi amene amamaliza maso. Ukayamba kuvala umangosinthira amphamvu.

MayiWaWodi
Amasinthira amphamvu chifukwa diso la mwana likukulabe, osati chifukwa cha magalasi. Atayesa kupatsa ana magalasi ofooka dala, vuto silinachepe, kwa ena linakula msanga. Mwana wofinya maso poona pa bolodi akayezedwe basi.

Gogo_Sayansi
Ana inu, tabwererani ku funso, za magalasi muyambe nkhani yapayokha. A Mlozo akhudza chinthu chomwe sichinatchulidwe bwino: pali kusintha kwa masabata komwe kumabwerera, pali kwa mibadwo, koma pakati pake pali kwa paubwana, komwe kumachitika kamodzi n'kukhazikika. Akazi a ku South Korea anatalika ndi masentimita pafupifupi 20 m'zaka 100, chifukwa cha zakudya, madzi abwino ndi kuchepa kwa matenda paubwana, majini ali omwewo.

Mbali yowawa yake inaoneka ku Netherlands. Kuyambira kumapeto kwa 1944 mpaka May 1945 kumadzulo kwa dzikolo kunagwa njala chifukwa cha nkhondo, chakudya chogawidwa chinatsika mpaka makalori 400 mpaka 800 patsiku, ndipo anthu pafupifupi 20,000 anafa. Popeza zolemba za kuchipatala zinasungidwa bwino, ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo anatsatiridwa mpaka ukalamba. Amene njala inawapeza kumapeto kwa mimba anabadwa ochepa thupi ndipo atakula shuga ankawavuta. Amene inawapeza miyezi itatu yoyambirira anabadwa olemera bwinobwino, koma atakula ananenepa kwambiri ndi kudwala mtima kuposa anzawo. Thupi linakonzekera dziko la njala, n'kubadwira m'dziko la chakudya chambiri.

Onaninso anthu a mtundu wa Pima. A ku Arizona ndi a kumapiri a ku Mexico ndi mtundu umodzi, koma kafukufuku wa 2006 anapeza matenda a shuga mwa 38 peresenti ya a ku Arizona ndi pafupifupi 7 peresenti mwa a ku Mexico, amene ankalimabe ndi manja.

Nyalugwe
Izi ndikuvomereza, agogo. Chomwe ndimakana ndi anthu amene amatenga nkhani ya Netherlands n'kuyamba kuphunzitsa kuti mavuto onse a agogo ako analembedwa mu DNA yako. Mwana wa m'mimba njalayo inamukhudza yekha mwachindunji. Zoti zimadutsa mpaka kwa zidzukulu ndi zidzukulutudzi, mwa anthu umboni wake ndi wofooka, ndipo n'kovuta kuusiyanitsa ndi umphawi womwe umangopitirira m'banja.

Chidwi77
Zikomo akuluakulu. Nanga maganizo? Paja amati chizolowezi chatsopano chimatenga masiku 21.

Mphunzitsi_Wakale
Nambala imeneyo ilibe kafukufuku kumbuyo kwake. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense atasankha chinthu chimodzi choti azichita tsiku lililonse. Wapakatikati anatenga masiku 66 kuti chizichitika chokha osachiganizira, koma ena anatenga 18, ena anawerengeredwa kuti angafike 254. Zosavuta monga kumwa kapu ya madzi zinkakhazikika msanga kuposa masewera olimbitsa thupi. Kuphonya tsiku limodzi sikunaononge kanthu. Chomwe chimagwira ntchito ndi kumangirira chatsopanocho pa chinthu chomwe chimachitika kale nthawi ndi malo omwewo, monga "ndikangomaliza kutsuka mano", osati "ndikapeza mpata".

Ubongo wa wamkulu umasinthanso kaonekedwe. Oyendetsa matakisi a ku London amaloweza misewu pafupifupi 25,000 kwa zaka zitatu kapena zinayi. Katswiri wa za ubongo Eleanor Maguire mu 2000 anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus yawo, gawo la ubongo lothandiza kukumbukira malo ndi njira, ndi yaikulu, ndipo mu 2011 anaonetsa kuti inakula mwa amene anakhoza mayeso okha, atawajambula asanayambe ndi atamaliza. Koma pa mayeso ena okumbukira zithunzi zatsopano anthu omwewo ankachita moperewera.

Kalulu_Mjomba
Za kutha kwa ntchito palibe wayankha. Ku Germany kuli kafukufuku amene amafunsa mabanja omwewo chaka ndi chaka kuyambira 1984 kuti akukhutira bwanji ndi moyo. Chisangalalo cha ukwati chimakwera n'kubwerera pomwe chinali pakapita zaka zochepa. Imfa ya mwamuna kapena mkazi imagwetsa kwambiri, koma ambiri amakwera pang'onopang'ono m'zaka zingapo. Ulova ndi umene anthu, makamaka amuna, sauzolowera, ndipo ambiri safika pomwe anali ngakhale atapeza ntchito ina.

Chifukwa chake si ndalama zokha. Ku Marienthal, mudzi wa ku Austria womwe fakitale yake ya nsalu inatsekedwa cha m'ma 1930, Marie Jahoda ndi anzake anaona kuti amuna ankayenda pang'onopang'ono mumsewu, ndipo kubwereka mabuku kulaibulale kunatsika pafupifupi ndi theka ngakhale anthu anali ndi nthawi yambiri. Jahoda anadzafotokoza kuti ntchito imapatsa munthu dongosolo la tsiku, anthu ocheza nawo kunja kwa banja, cholinga chochitira limodzi, ulemu, ndi chochita. Choncho pothandiza munthu wotere, kupatula za ndalama, m'thandizeni kusunga nthawi yodzukira, kutuluka m'nyumba tsiku lililonse, ndi kukhala ndi malo omwe anthu akumuyembekezera pa ola lodziwika. Tulo, chilakolako cha chakudya ndi chidwi zikasokonekera kupitirira masabata awiri, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya "limba mtima".

Dziko lonse likhozanso kudwala chonchi. Soviet Union itagwa, zaka zomwe mwamuna wa ku Russia ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika kuchoka pa pafupifupi 64 mu 1990 kufika pa 57 ndi theka mu 1994, popanda nkhondo yaikulu kapena mliri. Kum'mawa kwa Germany, ulamuliro wachikomyunizimu utagwa kumeneko, ana obadwa anatsika ndi theka m'zaka zochepa, mpaka mu 1994 chiwerengero chinali ana 0.77 pa mkazi mmodzi.

Nyalugwe
Za Russia musazipake utoto. Unali mowa. Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union panthawiyo, anaupanikiza kuyambira 1985, imfa zinatsika, lamulo litafooka mowa unatchipa ndipo imfa zinakwera. Ambiri anafawo anali amuna a msinkhu wogwira ntchito: mtima, ngozi, kuphana, kudzipha, poizoni wa mowa.

Kalulu_Mjomba
Mowa sindikuukana, achimwene. Koma funsani kuti n'chifukwa chiyani anthu anaukhamukira zaka zimenezo, ndiponso chifukwa chomwe madera omwe ntchito zinasokonekera kwambiri ndi omwe anataya anthu ambiri. Poland ndi Czech Republic nazonso zinasintha chuma nthawi yomweyo, koma kumeneko zaka za moyo zinayamba kukwera m'ma 1990. Liwiro la kusinthako ndi zomwe zinatsala zogwirizira anthu zinali zosiyana.

Nyalugwe
Ndipo kamwedwe kawonso kanali kosiyana. Apa sitigwirizana.

Tsabola
Awiriwa atasiyidwa afika m'mawa, ndiye a Kadzidzi adzawayeza melatonin.

Chidwi77
Funso lomaliza kwa a Kadzidzi kapena mayi a ku wodi. Munthu akamaliza usiku wake womaliza, abwerere bwanji ku tulo ta masiku onse? Ambiri amagona tsiku lonse kenako usiku maso ali gwa.

MayiWaWodi
Asagone tsiku lonse. Akafika agone maola atatu kapena anayi, atchere alamu kuti adzuke cha m'ma 12 kapena 1 koloko. Akadzuka atuluke panja padzuwa kwa theka la ola kapena kuposa, adye nthawi yomwe ena akudya, khofi asapitirire 2 koloko masana. Madzulo achepetse magetsi n'kukagona nthawi yake yakale kapena ola limodzi m'mbuyo. M'mawa mwake adzuke nthawi yokhazikika ngakhale tulo tisanathe, n'kuonanso dzuwa. Masana a tsiku loyambalo asayendetse galimoto ulendo wautali ndipo asagwire makina odula.

Kadzidzi
Ndiwonjezere chimodzi. Amene amaliza mkonono kwambiri, kumabanika kutulo, kapena kusinza pachiwongolero ngakhale atatsatira zonsezi, akayezetse vuto la kubanika kutulo asanaimbe mlandu shifiti. Komanso odwala shuga amene amabaya insulin ndi odwala khunyu akambirane ndi dokotala za nthawi ya mankhwala asanavomere ntchito ya usiku.